Mudzi Umene Unalandidwa Katatu

Pa doko la Kachulu, podikira boti lopita kutsidya, Che Ajidu, wogulitsa matemba, ankaonera nkhondo yakunja pafoni. Pambali pake panakhala nkhalamba yosaidziwa, itagwira khasu.

"Aa, awa akuchedwa! Mizinga yonseyi? Ndikanakhala ine, sabata imodzi mzindawu ndalanda."

"Kulanda sikuvuta, achimwene. Kwathu ku Mozambiki mudzi wathu unalandidwa katatu."

"Katatu, madala?"

"Oyamba anati adzatimasula, anatenga mbuzi. Achiwiri anati tadyetsa adani awo, anatentha nkhokwe. Oyamba aja pobweranso anapeza agalu okhaokha. Ife tinali titawoloka kale nyanjayi."

"Ndiye anapambana ndani?"

"Onse anakwezapo mbendera. Koma wowatungira madzi panalibe."

"Nkhondo itatha simunabwerere?"

"Tibwerere ndi yani? Ena anafera m'njira, ena anakwatira konkuno. Ine ndimangopita chaka ndi chaka kukalambula manda a amayi."

"Mumafikira kwa yani?"

"Pansi pa mtengo wa mango. Ndikafika ndimaodirabe, 'Odi kuno!' Ndimadikira pang'ono, kenako ndimadziyankha ndekha, 'Odini, fikani.'"