Tsiku Limene Ndinamanga a Tembo Ngati Mbuzi

Linali Loweruka, 2 koloko masana, m'chipinda chapamwamba pa shopu ina kuno ku Leeds. Moyo wanga unatembenukira pamenepo. Amayi anzanga, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Aleluya! Musaseke msanga, ndifike kaye.

Mukudziwa kuti amuna anga oyamba, bambo a Chisomo, anatisiya konkuno. Ndinalira zaka zitatu. Kenako ndinakwatiwa ndi a Tembo, a ku Chipata aja, nawonso oferedwa. Munthu wabwino. Koma m'nyumba munali zii. Ndikawayang'ana, ankati zili bwino. Akandiyang'ana, ndinkati zili bwino. Zili bwino, zili bwino, mpaka tsiku lina ndinapeza chikwama chawo pansi pa bedi, atalongedza. Anati akufuna akaone achimwene awo ku Hull. Abale, wokaona achimwene amanyamula ndi ayironi yomwe? Banja linali kutha.

Kuntchito, kosamalira okalamba kuja, ndinauza mzungu mnzanga. Anati iye ndi mwamuna wake amapita ku kalasi ya zingwe, kumene okondana amamangana manja kuti aphunzire kuuzana zakukhosi. Ndinamuuza kuti zimenezo n'zachikunja. Koma nditakumbukira ayironi ija, ndinalembetsa. A Tembo nditawauza anati zili bwino.

Loweruka lija titafika ku kalasiko, tinapeza anthu ovala bwinobwino, ena aimvi. Mphunzitsi, mayi wodekha, anaika sizasi pafupi. Anati zala ziwiri zizilowa pansi pa chingwe. Womanga azifunsa. Womangidwa aziyankha zoona, ndipo akati basi, ndi basi.

Tsono ine ndinakulira ku Mitundu. Kwathu chingwe n'chomangira mbuzi panjinga, ndipo mbuzi suifunsa. Manja anakumbukira okha. Ndinakulunga, ndinakoka, ndinatsamiza ndi bondo. A Tembo ali phee, thukuta lili kamukamu. Mphunzitsi anathamangira, anayesa kumasula mfundo yanga, analephera, anadula ndi sizasi. Anatidzudzula tonse awiri, ine posafunsa, iwo posanena. Anati dzanja likhoza kuchita dzanzi mpaka kupuwala. Manyazi ake!

Tinayambiranso. Ndinakulunga pang'onopang'ono, n'kufunsa.

"A Tembo, chikuthina?"



"Chikuthina, amayi. Komanso jekete ya malemu amuna anu munandipatsa ija imandithina m'khwapa. Chaka chonse ndavala, kuopa kukulizani."

"Nanga bwanji osanena?"

"Simunafunse."

Ndinalira pomwepo, chingwe chili m'manja. Mphunzitsi, posamva Chichewa, anabweranso ndi sizasi yake.

Itakwana nthawi yanga, a Tembo anandimanga dzanja limodzi mofewa, n'kufunsa ngati ndili bwino. Lilime linafuna kunena za masiku onse zija. Ndinalikaniza. Ndinati basi, ndipo anamasula nthawi yomweyo. Kenako ndinawauza kuti ndimaopa kuwazolowera chifukwa sindikufuna kuikanso maliro a mwamuna. Anati iwonso mantha awo ndi omwewo. Tinakwera basi titagwirana manja ngati ana asukulu.

Abale ndi alongo, sindikuti mukagule zingwe nonse. Ndikuti Mulungu anatsegula pakamwa pathu ndi chingwe, ndipo ndikumuthokoza. Ayironi inabwerera pamalo pake. Jekete tinatumiza kwa alamu anga ku Lilongwe, ndipo tinayamba tawafunsa saizi.

Panopa ndimagwira mashifiti anga mkati mwa sabata. Loweruka masana ndimaika sizasi patebulo, ndimamanga a Tembo mfundo yoti zala ziwiri zilowe, ndipo ndimafunsa.