Mpini umene ndinawasemera a Ngozo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Nzama ndi ena onse amene mawuwa adzakupezani, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Lukasi, uja mumamuloza akadutsa kuti anamangidwapo. Ndimakuonani, ndipo simunama. Kulemba kumandivuta, pakuti sukulu ndinalekeza msanga nditayankhana zoipa ndi aphunzitsi, koma ndati ndinene ndekha zimene Mulungu anandichitira banja langa lili pafupi kutha.

Mlandu wanga sunabisike. Ndinali pa chikamwini, ndipo amalume ake a mkazi wanga Rozina, a Ngozo, anali kapitawo wa malimidwe. Anafika m'munda mwanga n'kunena kuti mizere yanga yaloza kumtsinje, ndiifafanize ndiyambirenso. Mtima unandikwera. Ndinawamenya ndi mpini wa khasu, mkono wamanja n'kuthyoka. Unapola chokhota, ukapitawo unawathera pomwepo, ine n'kupita kundende ku Zomba.

Kumeneko Boma linandiika kophunzira ukalipentala. Tsiku lotuluka anandipatsa kabokosi ka zida, sowo, hamala, tchizulo ndi chopalira matabwa, nati ndikayambire pamenepo. Pa chida chilichonse anawotchapo chizindikiro cha Boma, chija chonga phazi la nkhuku, chimene chinalinso pa malaya athu a ukaidi.

Chizindikirocho ndicho chinandiononga. Kwathu aliyense amadziwa kuti ukapezeka ndi chinthu cha phazi la nkhuku, amesenjala amakutenga. Anthu atasuzumira m'bokosimo anayamba kunong'ona kuti ndinapita kukalangidwa ndipo ndabwerako ndi zakuba. Panalibe wondipatsa ngakhale mpando wothyoka kuti ndikonze. A Ngozo, monga eni mbumba, anati m'nyumba ndisalowe, ndikakhale kumsasa wa kudimba, tikakolola adzakhala pansi andisudzule. Rozina ankabwera ndi chakudya n'kuchiika pamwala, mwana wathu atabisala kumbuyo kwake ngati waona chilombo.

Ndikanatha kufotokoza bwinobwino. Koma ine ndi pakamwa pangapa ndinangokalipa kuti, "Kafunseni Bomalo!" Kenaka ndinaponya zida zonse m'nkhuti yakale ya mbatata n'kukwirira. Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi khomo, mutu uli pansi, n'kutuluka anthu asanadzuke. Pemphero langa silinali laulemu. Ndinkati, Ambuye, ngati manja awa muli nawo ntchito ndionetseni, apo ayi ndilowera ku Halale ndipo sadzandionanso.

Chimanga chitayamba kuuma, m'mawa wina kunafika munthu wovala khaki, ali pa njinga. Zinadziwika kuti a Ngozo anapita okha ku boma kukanena kuti mkamwini wawo wabisa katundu wa Boma. Mudzi wonse unasonkhana kudzaona ndikumangidwanso. Munthuyo anati dzina lake ndi Mwale, nandifunsa mosakweza mawu kuti zida zili kuti.

Abale, ndinafukula nkhuti ija ndi manja, anthu onse akuyang'ana, Rozina ali pomwepo. Manyazi a tsiku limenelo anaposa a m'khoti. Zida zinatuluka zitafiira ndi dzimbiri. A Mwale anatembenuza sowo uku ndi uku, kenaka anayang'ana anthu.

"Zidazi si zakuba," anatero. "Boma limapatsa munthu amene waphunzira ntchito kundende kuti akatuluka asabwererenso. Ine ntchito yanga ndi kuyendera anthu otere. Mlandu ndauona umodzi pano, ndi dzimbirili."

Anaitanitsa mchenga ndi mafuta a nsatsi. Anakhala pansi padothi ndi khaki wake yemweyo, nandipatsa tchizulo, iwo n'kutenga sowo, tinayamba kukwecha. Ndinkakwecha monyinyirika, ndipo iwo anaona. "Iwe, dzanja limenelo pothyola anthu linali lamphamvu, lero lalefuka ndi dzimbiri?" Anthu anaseka. Ndinamva moto uja ukukwera pachifuwa, womwe uja wa m'munda, tchizulo chili m'manja mwanga. Ndinaluma mano n'kupitiriza kukwecha. Mphamvu imeneyo sinali yanga, ndimadzidziwa ine.

Zida zitayera, a Mwale anafunsa ngati alipo wa ntchito, kuti aone ngati ndinaphunziradi. Palibe amene anabweretsa ntchito. Ndiye Rozina anagwada n'kunena motsitsa, "Amalume khasu limawapulumuka m'manja. Amachita kulimangirira ndi luzi."

"Iwe Rozina, wakutuma ndani?" anatero a Ngozo.

Koma a Mwale anali atawaitana kale kuti asendere, nandiuza kuti ndiwasemere mpini. Kundende anatiphunzitsa kuti mtengo sudulidwa usanayeze, ndipo mpini wa mkono wokhota sungauyeze uli patali. Ndinayenera kugwira mkono womwe ndinathyola. Ndinagwada.

"Ndigwire, bambo?"

Anangotambasula mkonowo, nkhope atayang'ana kumapiri. Chala changa chinafika pa mfundo pamene fupa linalumikizana molakwika. Inali yolimba ngati mwala, ndipo mkono wonse unali utaonda kuposa unzake. Kundende ndinkadziwerengera mavuto anga okha. Apo m'pamene ndinadziwa chimene ndinachita, ndipo mawu opepesa amene ndinawakana m'khoti anatuluka okha, ang'onoang'ono, osamveka bwino.

A Mwale anakwera njinga nati adzabweranso. Ine ndinalowa m'thengo kukafuna nthambi yopindika monga mkonowo. Ndinaisema, ndinaipala mpaka kusalala, pogwirira ndinachepetsa kuti zala zawo zofooka zikumane, n'kulowetsamo khasu lawo. M'mawa mwake ndinakawapatsa a Ngozo ndi manja awiri.

Anapita nalo kuseri kwa khola, ine ndikutsatira chapatali. Anagalauza kamodzi, kawiri, khasu osapulumuka. Anaunga mzere wonse mpaka kumapeto, thukuta lili kamukamu, luzi lili pansi. Ataima anauyang'ana mpiniwo nthawi yaitali.

"Wautalikitsa," anatero. "Udule pang'ono kunoku. Ndidzautenga madzulo kunyumba kwako. Kudimba sindifikako ine, n'kutali."

Tsiku lomwelo ndinanyamula mphasa yanga ndi kabokosi kaja kubwerera m'nyumba. Za kusudzula sizinatchulidwenso. Mwana anatenga masiku kuti andizolowere, koma tsopano amasewera ndi zopalidwa za matabwa pakhomo. A Mwale anabweradi, ndipo ndiwo anandilankhulira kuti ndikapange mabenchi a sukulu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatenga ulendo wokandineneza n'kuusandutsa ulendo wondiitanira thandizo. Ndikuthokoza a Mwale, ndi Rozina amene analankhula anthu onse atatseka pakamwa. Musaganize kuti manyazi anatha. Mkono wa a Ngozo ndi wokhotabe, ndimauona tsiku lililonse, ndipo mkwiyo wanga ndimalimbana nawo mpaka lero.

Inu amene mwatuluka kumene, kapena muli ndi mwana amene akali m'kati, limbani mtima ndipo musaleke kupemphera, ngakhale pemphero likhale lokalipa ngati langa. Chimene akupatsani potuluka musachikwirire chifukwa cha maso a anthu. Sowo wanga akadali ndi phazi la nkhuku pachigwiriro. Sindinalipale, ndipo ndikamagwira ntchito ndimamuika poonekera. Ambuye akusungeni nonse.