Malaya Odulidwa a Bambo Vernon Kostelnik

Malemu amene atisonkhanitsa muno lero, Bambo Vernon Kostelnik, anabadwa pa 9 Malichi 1948 m'tauni yathu ino ya Emporium. Anali achitatu mwa ana asanu a Bambo Andrej ndi Mayi Helen Kostelnik, makolo omwe onse awiri anatsogola kale. Anabatizidwa m'tchalitchi muno, pa beseni lomwe mwalidutsa pakhomo polowa. Ine ndine mlamu wawo, mlongo wa Mayi Arlene, ndipo banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri yawo.

Sukulu anayamba mu 1954. Mu 1964, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bambo awo anavulala msana kumakina ochekera matabwa, ndipo a Vernon anasiya sukulu n'kukalowa pamalo pawo kuti pakhomo pasagone njala. Satifiketi ya sekondale anadzaipeza atakula kale, mu 1979, kusukulu ya madzulo komwe tinkakhala benchi limodzi. Masamu ankawakhoza. Zolembalemba ankati n'zotopetsa kuposa kunyamula zipika.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu Novembala 1960, atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, bambo awo anawatenga koyamba kupita kumsasa wa alenje kuphiri, kanyumba kamitengo kaja anakamanga bambowo ndi anzawo. Kuyambira chaka chimenecho, tsiku lotsegulira ulenje wa mbawala linkawapeza kumeneko, kupatula zaka ziwiri zimene anali kuusilikali. Amene munafikako mukulidziwa khoma la kuseri kwa mbaula. Mlenje akaombera mbawala n'kuphonya, madzulo ake anzake amamuimika pakati, n'kumudula m'munsi mwa malaya kumbuyo, kansaluko n'kukakhomera pakhomapo, dzina ndi chaka atalembapo. Khoma lija ladzaza. Pali mayina a madokotala, a apolisi, ngakhale la wansembe mmodzi amene sindimutchula. Langa lilipo kanayi. La a Vernon panalibe, ndipo sankabisa kuti zinkawasangalatsa. Ankati munthu asamakoke chala pa mfuti asanatsimikize.

Kuyambira 1968 mpaka 1970 anali msilikali, ndipo anatumizidwa ku Germany komwe ankakonza magalimoto a nkhondo. Atabwerako, mu 1971, analembedwa ntchito kufakitale yopanga zitsulo za magalimoto, ndipo anagwira kumeneko mpaka anapuma mu 2010, ali kapitawo wa gulu la m'mawa. Pa 17 Juni 1972 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Arlene Stauffer paguwa lomweli. Mulungu anawapatsa ana awiri, Denise mu 1974 ndi Russell mu 1977.

Kwa zaka zoposa makumi atatu, malemuwa ankaphunzitsa achinyamata kagwiridwe ka mfuti ndi malamulo a ulenje, mosalandira kanthu, m'chipinda cha pansi pa holo ya ozimitsa moto. Ambiri mwa inu munadutsa m'manja mwawo. Mukukumbukira zimene ankanena pomaliza phunziro lililonse: kuti kuthengo kulibe wapolisi, ndipo mlenje amadziwika ndi zimene amachita pamene palibe womuona.

Mu Epulo 2022 anayamba kudandaula m'mimba ndi msana. Kuchipatala anawapeza ndi khansa ya kapamba. Madokotala sanabise kuti matendawa sachizika, koma anati mankhwala olowetsa m'mitsempha angawonjezere masiku. A Vernon anavomera. Mankhwalawo anabwera ndi mseru woopsa. Chilichonse chimene alawa chinkabwerera. Ngakhale fungo la khofi, amene ankamwa m'mawa uliwonse kuyambira ali mnyamata, linkawathamangitsira panja. Mapiritsi oletsa kusanza anasinthidwa kangapo koma osathandiza. Pofika Ogasiti anali ataboola lamba wawo mabowo atsopano, ndipo adokotala anawauza kuti thupi likapitirira kutsika, mankhwala a khansa aja adzawasiyitsa chifukwa sangawapirire.

Pamenepo m'pamene adokotalawo anatchula za khadi lololeza wodwala kugula chamba cha mankhwala. Anafotokoza kuti khansa ili m'gulu la matenda amene lamulo la kuno ku Pennsylvania limalola, ndipo kuti odwala ena chimawachepetsera mseru n'kuwabwezera chilakolako cha chakudya, ngakhale kuti si onse. Ndinene poyera pano, popeza ndikudziwa kuti nkhaniyi inayenda m'tauni muno, ndipo si onse anaimva bwino. A Vernon sanalithamangire khadilo. Moyo wawo wonse chamba ankachiona ngati chinthu cha anthu osafuna ntchito. Komabe anali munthu womva zonena za dokotala, ndipo akanatha kulimeza dzina loipalo. Chimene chinawaimitsa ndi china. Denise atafufuza anapeza zimene alenje ambiri kuno akuzidziwa tsopano: boma lathu limalola khadi, koma lamulo la boma lalikulu la ku Washington silinasinthe, ndipo munthu wogwiritsa ntchito chamba saloledwa kukhala ndi mfuti.

Atamva zimenezo anangoti nkhaniyo ithere pomwepo. M'kabati mwawo munali mfuti ya bambo awo, ndipo Novembala anali pafupi. Iwo ankadziwa, monga tonse tinkadziwira osanena, kuti ulenje wa chaka chimenecho ukhala womaliza.

Anzawo anayesa kuwapezera njira. A Merle Dunkle, mnzawo wa kumsasa kuyambira ubwana, anawauza kuti atenge khadilo, mfuti aisunge phee, chifukwa palibe amene amayenda m'makomo kusegula makabati a nkhalamba. Zitakanika, anati ali ndi mphwawo amene angabweretse kaphukusi popanda khadi n'komwe. A Vernon anawafunsa ngati zimenezo ndi zomwe iwo anaphunzitsa ana awo a a Merle kuholo kuja. A Merle akuti anatuluka m'nyumbamo makutu akutentha. Ena, mwina ndi ine ndemwe, tinkaganiza kuti uku kunali kuuma mutu. Lero sindikudziwa. Munthu akanena chinthu chimodzi kwa zaka makumi atatu, chimasanduka fupa lake.

Mwezi wa Seputembala unali wowawa. Mayi Arlene ankaphika zonse zimene amuna awo ankazikonda, kabichi wokulungamo nyama, msuzi wa nkhuku, mbatata yokazinga, n'kumazibweza kukhitchini zosakhudzidwa. Chimene sitinkachiona n'chakuti iwonso anali atasiya kudya. Ankati sangakhale patebulo n'kumatafuna amuna awo akuyang'ana kukhoma. Tsiku lina akupukuta tebulo, mphete yawo ya ukwati inavuka yokha, n'kugubuduka mpaka kumapazi a a Vernon. Malemuwa anaitola, n'kuyang'ana chala cha akazi awo. Kenako anati:

"Mayi a Denise, ndiye kuti njala yangayi tikudyera limodzi? Muimbireni mwanayo, abwere ndi galimoto."

Madzulo a tsiku lomwelo anatulutsa mfuti zawo zonse zitatu, anazipukuta, anazipaka mafuta, n'kuzipereka kwa Denise, yemwe naye ndi mlenje ndipo ali ndi nyumba yake. Ya bambo awo anaipereka pomaliza. Zipolopolo anazifunafuna mpaka m'matumba a majekete akale, kuti m'nyumbamo musatsale ngakhale chimodzi. Atatero m'pamene analola Denise kuwalembetsa pa kompyuta. Anakaonana ndi dokotala wina wovomerezeka ndi boma pa nkhani zimenezi, yemwe anawerenga mapepala a kuchipatala n'kutsimikiza kuti ndi woyenera. Khadilo linafika pa positi kumayambiriro kwa Okutobala, lili ndi chithunzi chomwe chija cha pa laisensi yawo yoyendetsera galimoto, cha masiku amene masaya anali odzaza.

Tsiku lokagula koyamba anavala suti ya kutchalitchi. Anati ngati wina awaone akulowa m'sitolo yoteroyo, awaone bwinobwino. Pobwerako anatiuza kuti ankayembekeza kukapeza anyamata a tsitsi losapesa, koma anakapeza agogo a ndodo, msilikali wina wopanda mwendo, ndi mayi mmodzi wa m'kwaya yathu ino, amene anawapatsa moni ngati akumana pa Misa. Sanasute, ndipo zimenezi anandipempha kuti ndidzazinene. Anapatsidwa kabotolo ka mafuta odontheza pansi pa lilime. Masiku oyamba anangogona. Patapita sabata anapempha dzira lokazinga. Mayi Arlene anakazinga awiri, ndipo anadya onse pamodzi atakhala pansi. Thupi silinabwerere mwakale, koma linaleka kutsika, ndipo mankhwala a khansa anapitirira.

Loweruka pa 26 Novembala 2022, tsiku lotsegulira ulenje, anali kumsasa. Anafika chadzulo lake, manja ali m'thumba, atavala malaya awo aubweya ofiira ndi akuda aja. Amuna onse anasowa poyang'ana. Amene anayamba kulankhula ndi a Merle, omwe anauza anzawo kuti abise mabisiketi chifukwa mkulu wa chamba wafika. A Vernon anayankha kuti ngakhale ataledzera ndi botolo lonse sangaphonye nkhokwe ngati mmene a Merle anaphonyera mbawala itaima mu 1994. Anthu anaseka, ndipo kuyambira pamenepo zinakhala ngati zaka zonse.

M'mawa mwake Denise anawaperekeza pang'onopang'ono mpaka pa thanthwe lawo la nthawi zonse, pamwamba pa kamtsinje. Mfuti ya agogo ake inali m'manja mwa Denise. Dzuwa litakwera pang'ono, panatulukira mbawala yamphongo ya nyanga zanthambi, yaikulu kuposa zonse zimene zinaonekapo kuphiri kuja, ndipo inaima poyera, cham'mbali, ngati yodzipereka. Denise akuti sanaganize n'komwe. Anangosendeza mfutiyo kwa bambo ake n'kunong'oneza:

"Ababa, tengani. Palibe akuona."

A Vernon anaiyang'ana mfutiyo. Denise akuti dzanja lawo lamanja linatuluka m'thumba, linafika pakati, kenako linabwerera.

"Ndikuona ine, mwanawe. Omba iweyo."

Denise anaidzutsa mfuti, koma m'maso munali mutadzaza misozi, ndipo chipolopolo chinakagunda mtengo. Mbawala inadumpha n'kulowa m'tchire.

Kulira kwa mfuti kunamveka phiri lonse, choncho panalibe zobisa. Nthawi ya chakudya chamadzulo a Merle anatulutsa mpeni n'kuitana Denise kuti aime pakati. A Vernon anadzuka pampando movutikira, anagwira tebulo, n'kusolola malaya awo m'buluku. Anati mwanayo asiyidwe. Mbawalayo inabwera pa thanthwe lawo, inadzera iwo, ndipo amene anaitaya ndi iwo. A Merle anakana, anati malamulo a msasa satero, wosaomba sadulidwa. A Vernon anawauza kuti:

"Dula, mdala iwe. Zaka zonsezi wakhala ukulakalaka. Ukachedwa udzadula pa maliro."

A Merle anadula, koma anadula mokhota. Kansaluko anakakhomera pamwamba pa tonse. Madzulo amenewo panali chiwindi cha mbawala imene mlenje wina anapha, chokazinga ndi anyezi, ndipo a Vernon anadya mbale yawo n'kupempha china. Atabwerera kunyumba, Mayi Arlene anawafunsa ngati aphako kanthu. Anayankha kuti ayi, koma adya.

Khirisimasi anaidyera patebulo pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Mu Febuluwale chaka chino matenda anakula, ndipo madokotala pamodzi ndi banja anagwirizana zosiya mankhwala a khansa. Anasamalidwira kunyumba kwawo. Pa 9 Malichi anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, ndipo analawako keke. Analandira masakramenti a odwala, ndipo anatisiya mwakachetechete Lachiwiri pa 14 Malichi 2023, akazi awo atawagwira dzanja.

Malemuwa asiya akazi awo Mayi Arlene, amene akhala nawo zaka makumi asanu, ana awiri, Denise wa konkuno ndi Russell wa ku Ohio, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Dolores. Banja likuthokoza Bambo Mfumu ndi akwaya, anamwino amene ankabwera kunyumba ngakhale msewu utatsekeka ndi chipale chofewa, madokotala amene ananena zoona osazungulira, amayi a tchalitchi amene akonza chakudya kuholo, ndi amuna a kumsasa amene anyamula bokosi.

Ena mwa inu dzulo, poona nkhope, munadabwa kuti munthu wa suti tamugoneka m'malaya akuthengo. Okonza maliro nawonso anaimba foni kupempha ena, poti awa ndi odulidwa kumbuyo, mokhota. Mayi Arlene anawayankha kuti akudziwa, ndipo kuti pa malaya onse a m'nyumbamo, amenewo ndi amene amuna awo anawagula modula. Mphete ija ili pachala cha Mayi Arlene lero, ndipo sikuvukanso.

Bambo Vernon, mlamu wanga, mwauyenda ulendo wanu manja ali oyera. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere wosatha.