Matewe a Achimwene

Ndinapita kwa alamu anga atelala kukangopinditsa siketi, koma ndinapeza achimwene ataima pakati pa shopu, buluku atalikwinya mpaka m'mawondo, alamu, akazi awo, atagwada ndi tepi m'manja. Mawa lake achimwene amakwera ndege kupita kunja kukaona mdzukulu wawo woyamba, ndipo wokawachingamira anali mkamwini, munthu woti sanaonanepo, Chichewa sadziwa ngakhale moni.

Mwana wawo anali atanena pa foni kuti kumeneko kukuzizira koopsa. Aliyense amatuluka pabwalo la ndege atadzikulunga chipewa ndi chikhoti, nkhope osaoneka, chotsala poyera ndi miyendo basi. Kujambulidwa miyendo achimwene anakaniratu, amvekere iwo si mbuzi yogulitsa. Tsono alamu, amene amaphunzira Chingerezi pa foni kuti azicheza ndi mkamwini, anali atangofika pa phunziro la miyendo. Anaganiza zosankhapo liwu limodzi, alitumize, mkamwini akadziwe munthu womufunafuna.

"Muuzeni long-legged," anatero achimwene. "Ndamva m'fonimo. Si wa miyendo yaitali ameneyo? Ndine ndemwe."

"Tepi yakana," anatero alamu.

"Tepi ili ndi pakamwa?"

"Ili ndi manambala. Ndikamadula buluku lanu, nsalu imatsala ya kabudula wina."

"Mukuyambira pansi kwambiri, mayi. Yambirani m'khwapa."

Alamu anga ndi munthu woti ukawauza kuti dikirani pang'ono, amafunsa kuti pang'onopo pathera pati. Anayezadi kuchokera m'khwapa, n'kuvomera kuti eya, tsopano yatalika. Kenako anafunsa, nkhope ili phee, ngati achimwene akamange lamba m'khwapamo potsika ndege, kuti mkamwini akaone pomwe miyendo yayambira.

Achimwene anati zimenezo n'zachibwana, awerenge mawu ena. Alamu anatsegula foni. La short-legged, la miyendo yaifupi, achimwene analikana lisanathe n'kutuluka komwe. La four-legged alamu analichotsa okha, ati limenelo ndi la tebulo. Atafika pa one-legged anawerama n'kugwira mawondo a amuna awo.

"Umodzi. Iwiri. Ili silikutikhudza."

"Munafunika kuwerenga?"

"Ndimafuna nditsimikize. Latsala limodzi, bambo. Bow-legged."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Matewe."

Kwathu liwu limenelo sititchula achimwene ali pafupi. Ali mnyamata anawachotsa pagolo chifukwa mpira unkadutsa pakati pa miyendo ngakhale atagundanitsa zidendene, koma mukawafunsa lero akuuzani kuti kanali kaduka ka anzawo.

"Ine matewe ndilibe," anatero. "Ndimangoima momasuka."

"Imani mosamasuka tione."

Anagundanitsa zidendene, n'kulimbitsa thupi lonse mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Mawondo osayandikana ngakhale pang'ono. Nthawi yomweyo mphaka wa m'shopumo, amene amagona pamulu wa zidutswa za nsalu, anadzuka, kudziwongola, n'kudutsa pakati pawo mwaulemu, ubweya osakhudza pena paliponse.

"Mphakayo ndi wowonda," anatero achimwene. "Simumupatsa chakudya."

Alamu anatenga simbi yositira n'kuidutsitsa cham'mbali. Inadutsa. Achimwene anati simbi za masiku ano amazipanga zing'onozing'ono. Alamu anandipempha chikwama changa, ine ndinapereka ndi mtima wonse. Chinadutsa, ambulera ili momwemo.

Ndinaseka mpaka misozi, koma kenako mtima unandipweteka. Munthu ameneyu mwezi wathunthu wakhala akuyenda ndi tinsapato ta mwana m'thumba la jekete, kuonetsa aliyense wokumana naye panjira. Ndinawauza achimwene mosabisa kuti mkamwini akakafunafuna wa miyendo yaitali, akanyamula nkhalamba ya eni ake, imeneyo ndiyo ikanyamule mdzukulu, iwo atatsala panja akunjenjemera, chilankhulo chofunsira njira alibe. Anandiyankha kuti kuli bwino akaume ndi chisanu kusiyana n'kuti miyendo yawo ikalengezedwe kutsidya kwa nyanja. Ndinapsa mtima, ndinatsala pang'ono kuwalasa ndi ambulera ija.

"Ndiye ndikuikireni majuzi awiri," anatero alamu.

"Achiyani?"

"Okaumira."

"Mayi, inu tumizani zimene ndanenazo. Mwamuna wanu ndi long-legged. Yowongoka. Ngati mitengo ya magetsi."

"Chabwino. Yowongoka."

Alamu anakonza kukhosi, n'kuyamba kuyeserera liwulo pang'onopang'ono ngati akuloza ulusi m'singano. Asanadine n'komwe, foni inalira. Unali uthenga wa mwana wawo, ndi kakanema ka kakhanda akukasambitsa m'beseni. Ananena kuti tisavutike n'zofotokoza, mwamuna wake akawadziwa adadi pakati pa anthu chikwi. Ati anamuuza kale kuti akangoyang'ana miyendo ya mwanayu, yomwenso ndi miyendo ya mayi wake, basi wawaona apongozi ake.

Tinaunjikana pa foni tonse atatu. Kamwanako kanali kakuponda m'mwamba, timiyendo tokhota bwinobwino ngati zogwirira za sizasi. Achimwene anakhala pansi pampando wa makina osokera.

"Taonani," anatero motsitsa mawu. "Magazi anga enieni awa."

"Si anu," anatero alamu.

"Mwati bwanji?"

"Yanu ndi yowongoka, mwanena nokha. Yanga nayi, mukuiona, yowongokanso." Anakwezako siketi pang'ono n'kudziyeza ndi tepi kuti pasakhale chinyengo. "Ndiye mwana wathuyu matewe anawatenga kuti? Dikirani ndikumbukire bwino. Nthawi imene ija tinkakhala kunyumba yakale, amene anali ndi matewe anali bambo aja okonza njinga. Panalinso aja ogulitsa makala, aja ankandipatsa moni kawiri pa tsiku..."

Sanali kuseka, ndikukuuzani. Anali akuwerengadi pa zala, kufuna kuthandiza.

Achimwene anadzambatuka. Buluku lija analikwezanso okha mpaka m'ntchafu, n'kuima pakati pa shopu, zidendene pamodzi, chifuwa patsogolo, bondo lina kum'mawa lina kumadzulo.

"Achemwali, tengani foniyo muyambe kujambula," anandiuza. "Mayi, itanani mphaka uja adutsenso."