Mayi Esitere Amene Anakana Kulonga Mwana Wawo Ufumu

Malemu Mayi Esitere Hamilton anabadwa pa 9 Juni 1943 m'banja lachifumu la kwathu, kumunsi kwa phirili. Ine ndine mng'ono wawo Phoebe, ndipo sindichulutsa mawu, poti enanu mwachokera kutali.

Sukulu analekezera Sitandade 6. Mu 1964 anakwatiwa ndi a Cuthbert, kalaliki wa boma, ndipo anamanga kuno ku Chinamwali. Malemu ankapikula kachewere kuphiri n'kumagulitsa mumsika. Ana onse anaphunzira ndi kachewereyo. A Cuthbert anatisiya mu 1991.

Mu 2004 achimwene athu, amene anali mfumu, anamwalira. Mwana wawo, a Tony, anabwera ndi loya kudzatenga mpando. Malemu achemwaliwa anawakumbutsa kuti kwathu ufumu salowa mwana wa mfumu, umapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo osankha ndife amayi a mbumba. Anthu anaganiza kuti akulambulira njira mwana wawo woyamba, a Douglas. Koma a Douglas anali atayamba kale kugulitsa minda ya anthu kwa omanga nyumba zogona alendo, ndipo malemu anawakana pagulu. Ndodo ya ufumu anaisunga okha, n'kumaweruza milandu mogwirizira. Anatukwanidwa, nkhokwe yawo inatenthedwa, kukhoti anaitanidwa kangapo. Munda ngakhale umodzi sunagulitsidwenso.

Matenda a shuga anawayamba mu 2015, ndipo anamwalira Lolemba pa 11 Malichi 2019 kuchipatala.

Ndaona kuti a Tony ndi a Douglas aliyense wabwera ndi galimoto yake yonyamulira bokosi, poganiza kuti woika malemu ndiye atenge ndodo. Musavutike, bokosi alinyamula adzukulu pamapewa. Amayi a mbumba tinakumana malemu akadali moyo, ndipo tinasankha a Vera, mwana wa mng'ono wathu malemu Aggie. Ndodo ili kale m'manja mwawo. Amene ali ndi mawu adikire timete, pano tabwera kudzalira.

Malemu asiya ana anayi, a Douglas ali m'gulu lomwelo, ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri. Tikuthokoza amayi a Mvano, anamwino, anyamata a kabaza amene ankawanyamula popita kuchipatala, ndi nonse amene mwabwera kudzatitonthoza.

Achemwali, ntchito mwaimaliza. Usani mumtendere.