Makina Owotcherera Pansi pa Bedi la Alamu

Linali Lolemba loyamba la Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene ndinalandira mapepala a ku khoti pa shopu yanga ku Chawama. Ndili ndi kakampani kowotcherera mageti. Ogulitsa zitsulo ena ankapempha khoti kuti litseke kakampani kanga n'kugulitsa zipangizo zonse, ati ndinalephera kulipira. Komatu zitsulo zawozo zinabwera zadzimbiri zaka zambiri zapitazo, ine n'kuzibweza. Anandisumira nthawi yomweyo, koma mlandu sunawakomere.

Mantha anandigwira. Madzulo ake ndinakweza makina owotcherera pa wilibala n'kukawabisa pansi pa bedi la alamu anga. Ntchito inaima, ndipo a m'nyumba mwanga anayamba kudya kamodzi pa tsiku.

"Ba mulamu," anandiseka alamuwo, "mulendo wanu uyu azankala mpaka liti? Sasamba, salipila na lendi."

Loya amene ndinamupeza anandidzudzula chifukwa chobisa katundu. Kenaka anawerenga chigamulo chakale chija n'kunena kuti, "Ba tata, nkani iyi koti inaweluza kudala. Siingabwele futi yavala jekete inangu. Na ntawi yosumila inapita."

Pa tsiku la mlandu, woweruza anagwirizana naye pa mfundo zonse ziwirizo, n'kutaya pempholo. Nditatuluka m'khotimo ndinakhala pansi pa masitepe. Anzanga omvera, chigamulo cha khoti musamachitaye, ngakhale chitakalamba.

M'mawa mwake ndinakatulutsa makina aja, ndinawapukuta fumbi, n'kumaliza geti la mayi wina amene anandidikira osadandaula.