Jakisoni wa Make Bauleni

Lolemba m'mawa ndinali pamzere pachipatala cha ku Lilongwe, ndikugwiragwira chipumi cha mwana wanga kuti ndimve ngati kutentha kwabwereranso. Patsogolo panga panali bambo wina wojintcha, ndipo mayi wina wachikulire ankamuyang'ana mokayikira.

"Bambo, ndi thupi lonseli, mukudwala chiyani?"

"Ine ndili bwino, mayi. Akudwala ndi akazi anga, make Bauleni. Malungo, lero tsiku lachinayi."

"Nanga ali kuti?"

"Kunyumba. Amaopa jakisoni, ndiye ndimawadwalira ndine. Amandiuza pamene pakuwawa, ine n'kudzawauza adokotala ngati wodwala ndine, kuti andipatse kwinini ndikawamwetse."

"Anakupatsani?"

"Loweruka ndinanjenjemera bwino kwambiri, moti adokotala anati matenda otere safuna mapiritsi. Anandibaya jakisoni pathako."

"Ndiye mayiwo akupeza bwino?"

"N'zimene zikundidabwitsa. Timagona mphasa imodzi, koma thupi lawo likadali moto."

"Bambo inu, mankhwala sayenda pamphasa. Malungo a masiku anayi si ocheza nawo, mudzalera Bauleni nokha. Pitani mukawatenge, malo anu ndikusungirani. Mizere ya masiku a Chitaganya ano siyenda. Njinga muli nayo?"

"Ndi iyo ndatsamiritsa pamtengopo."

"Fulumirani. Mukawauze kuti jakisoni sapweteka."

"Kupita ndipita, mayi, koma bodza limenelo sakalikhulupirira."

"Chifukwa chiyani?"

"Andiona ndikunyamuka m'mawa uno. Chibayireni Loweruka, njingayo ndimayenda nayo chokankha."